Vinyo wa Pamiyala

Esnath anamva fungolo asanafike n'komwe ku khitchini. Atatsegula chitseko anapeza alamu ake, a Rowland, atapinda manja a malaya, botolo lili chozondoka m'dzanja mwawo, vinyo akukhuthukira m'sinki. Mabotolo ena opanda kanthu anali atawandandalika bwinobwino m'mbali mwa khoma. Sinki yonse inali psuu, ngati apheramo mbuzi.

"Alamu, mukutani?"

A Rowland sanatembenuke. Anati anthu a kumpingo afika posachedwa kudzakhuza maliro, ndipo si bwino apeze nyumba ya siwa ikuoneka ngati bala. Anati akuchita zimenezi poteteza dzina la mng'ono wawo, ngati dzina loliteteza linalipo.

Esnath anawalanda botolo lija, koma munali mutatsala madontho okha. Analidziwa. Thompson analisunga m'kabati ya pansi pa masitepe kuti adzalitsegule tsiku limene mwana wawo Daphne adzamalize maphunziro ku yunivesite ya ku Leeds. Anayang'ana m'kabatimo: mbee. Sanalire, sanakalipe. Analiika botololo pamzere wa anzake, n'kukonza duku lake, n'kubwerera pabalaza pomwe amayi anzake anamuyalira matiresi.

Thompson, mwamuna wake, anali atagwa n'kumwalira pa siteshoni ya sitima ya Metro m'mawa wina wa Novembala akupita ku ntchito. Madokotala anati mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu, ndipo unali wofooka chibadwire. Esnath anali namwino, mawu amenewa sanafune womutanthauzira.

Anabwera ku Newcastle Daphne ali wamng'ono, Thompson atapeza mwayi wodzaphunzira za nthaka. Pofuna kuti banja lisagone ndi njala, Loweruka ankanyamula makatoni m'shopu ya vinyo ya mzimayi wina wachizungu dzina lake Cathy. Tsiku lina kasitomala anafunsa chifukwa chake mabotolo awiri a mphesa zamtundu umodzi ankakoma mosiyana. Thompson anatula katoni n'kufunsa kumene minda yake inali, ndipo atamva anayamba kufotokoza. Kuyambira pamenepo Cathy sanamutayenso. Thompson atamaliza sukulu, Cathy anamulemba ntchito yeniyeni, n'kumamutuma ku France, ku Spain ndi ku Portugal kuti akaone minda asanagule vinyo wake. Ankabwerako nsapato zili matope okhaokha, nkhani zili mkamwa tho.

Ankati mpesa wa pamiyala umakula movutika. Mizu yake imaboola pansi kufunafuna madzi, zipatso zimakhala zing'onozing'ono, ndipo vinyo wake amatuluka wowonda koma wakuthwa, wonunkhira ngati thanthwe lotentha likagwedwa ndi mvula yoyamba. Mpesa wa pamakande umakhuta madzi osavutika, vinyo wake n'kukhala wonenepa, wolemera palilime. Esnath akamuseka kuti akuzitenga za azungu, iye ankati palibe chachizungu apa. Kodi chinangwa cha pamchenga chimafanana ndi cha pakatondo? Nanga nthochi za kwawo ku Thyolo, bwanji ukazibzala kwina sizikoma chimodzimodzi? Pa zaka zonse za ukwati wawo, Esnath sanamuonepo akudzandira.

A Rowland anafika ku England mu 2002, ndipo anafikira m'nyumba yomweyi ku Fenham, dera la mu Newcastle. Thompson ndiye anakawachingamira ku bwalo la ndege atanyamula jekete lake lomwe lachisanu. Anadya nawo, anagona m'chipinda cha Daphne, mwanayo n'kumagona pabalaza. Atapempha boma kuti liwasunge ngati othawa kwawo, anawatumiza ku Middlesbrough, ndipo kumeneko anakwera msanga mpaka kukhala mkulu wa mpingo wa Amalawi. Mphekesera zinayambira komweko. Zinadutsa ku Wakefield, zinafika ku Leeds, mpaka zinaoloka nyanja: Thompson wasiya sukulu, akugulitsa mowa, ndi chidakwa chotheratu, mkazi wake amachita kukamutola mumsewu. Mayi ake a Thompson kumudzi anasiya kulandira foni. Bulangete limene anawatumizira analipereka kwa anthu, ati sangafunde mowa. Anamwalira chaka chathachi osamuyankhula mwana wawo, ndipo Esnath ndiye anaona mmene mwamuna wake anakhalira pa masitepe tsiku limenelo, foni ili m'manja, osatha ngakhale kulira. Esnath atamuuza kuti akawazazire akulu akewo, amene anayambitsa mphekeserazo, Thompson anangoti asiyeni.

Masana nyumba inadzaza. Ena anabwera pa basi kuchokera ku Middlesbrough, ena pa sitima kuchokera ku Wakefield, majekete onyowa ali mulu pakhonde. Amayi anakhala pansi mozungulira namfedwa, abambo anaima m'kanjira mpaka ku khitchini. Nyimbo zitatha ziwiri zitatu, a Rowland anaimirira ndi Baibulo monga mutu wa banja. Liwu loti mowa sanalitchule. Anangoti pali ntchito zina zimene munthu amalowa ndi miyendo yake koma amatuluka atanyamulidwa, ndipo otsalafe titengepo phunziro. Anthu anang'ung'udza movomereza. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi Esnath anamusisita bondo n'kumunong'oneza kuti wapirira zambiri, Mulungu waona.

Chisoni cha mayiyo ndicho chinamubaya koposa ulaliki. Anayang'ana Daphne, amene Chichewa ankachimva chonse ngakhale ankayankha m'Chingerezi, ndipo anaona mtsikanayo atazyolika, makutu ali tcheru.

Kenako a Rowland analengeza kuti thupi lipita kumudzi, likagone pafupi ndi mayi awo. Anati ayankhula kale ndi a kwawo, ndipo akudikira. Koma Esnath sanafunsidwe maganizo ake. Iye ankadziwa bwino kuti n'zimenenso Thompson ankafuna. Kangati konse ananena kuti wayenda minda yambiri koma katondo wa kwawo alibe mnzake, ndipo n'kumene adzagone. Koma Esnath ankaonanso mmene zidzakhalire: bokosi likutsika pa galimoto, mudzi wonse ukunong'onezana kuti chidakwa chija chafika, ndipo a Rowland akutamandidwa kuti ngakhale zinali choncho sanamutaye mng'ono wawo. Nyimbo yotsatira isanathe, anali atadziwa chochita.

M'mawa mwake anauza amayi aja kuti akupita ku chipatala kukatenga mapepala. Anatenga Daphne n'kupita ku kampani yoona za maliro. Kumeneko sanafunse za mutu wa banja, anafunsa za mkazi wa malemu. Esnath anasankha manda a kumadzulo kwa mzindawo n'kusayina. Ali panja, Daphne anafunsa ngati adadi sankafuna kupita kwawo. Esnath anayankha kuti kwawoko anamukana ali moyo, ndiye mtembo akautani.

Pobwerera anadzera ku shopu. Cathy anatseka chitseko n'kuwakumbatira onse awiri, maso ali otupa. Anati makasitomala akhala akubwera osagula kanthu, kungoima pa kauntala. Kenako anatulutsa mabotolo awiri amene Thompson anawapatula kuti adzalawitse anthu Loweruka likudzalo. Onse anachokera m'mudzi umodzi kummwera kwa France, mphesa zake zamtundu umodzi, mlimi wake mmodzi. Kusiyana kunali kwakuti munda wina unali kuphiri pamiyala yong'aluka, wina kumunsi padothi lamakande. Thompson ndiye anaupeza mudziwo, ndipo anali asanalawitse munthu aliyense. Cathy anati sangathe kuwagulitsa. Esnath anawakulunga m'chitenje n'kuwaika pansi m'chikwama.

Nkhani ya manda inawapeza a Rowland madzulo ake. Anamuitanira Esnath kuseri kwa nyumba, pakabwalo kakang'ono poyanika zovala, kuti anthu asamve. Kunkawaza mvula. Anayamba mofatsa, kumukumbutsa mwambo, kuti mkazi salamula za mtembo abale a mwamuna alipo. Kenako anakweza mawu, nati mawa lomwe apita ndi abusa ku kampaniko kukasintha.

Esnath anawasiya mpaka anamaliza.

"Mukapita kumeneko mukanena kuti ndinu ndani?" anafunsa. "A Rowland, kapena a Harry?"

Pempho la a Rowland lija boma linali lisanaliyankhebe. Munthu wodikira yankho la boma sankaloledwa kugwira ntchito. Koma namwino mnzake wa Esnath, amene ankagwira maganyu m'nyumba zosamalira okalamba, anawapeza a Rowland m'nyumba ina yotero ku Middlesbrough atavala baji ya dzina la Harry, munthu wa ku Zambia amene anabwerera kwawo n'kusiya mapepala ake. Esnath anaisunga nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Anamuuzapo Thompson, iye n'kumuletsa kuti asadzaitchulenso. Tsopano womuletsa panalibe.

"Nambala ya a imigireshoni ndili nayo," anatero. "Nyumbayo ndikuidziwa, ndi masiku amene mumalowa. Mukufuna wopita kumudzi? Mupita ndinu."

A Rowland anatsamira khoma. Anayankhula motsitsa mawu. Anati Esnath sakudziwa chimene mowa unachita pabanja pawo. Iwo ndiwo ankakatola bambo awo m'ngalande ku Bangwe, Thompson ali kamwana kosadziwa kanthu, mpaka tsiku limene anawatola atauma. Iwonso kachasu anawalanda ntchito yoyendetsa galimoto, anawalanda mkazi ndi ana, ndipo chiwasiyireni sanakhudzenso ngakhale dontho. Atalowa m'nyumba muno n'kuona mabotolo aja, anaona bambo awo.

"Ndiye munamuona liti ali m'ngalande?" anafunsa Esnath. "Amayi munawauza kuti ndimakamutola mumsewu. Msewu wake uti?"

A Rowland anapukuta madzi a mvula kunkhope, ndipo Esnath anapitiriza.

"Chinakuwawani ndi mbale, alamu. Mumadya m'mbale ya mng'ono wanu."

Kenako anawauza zimene ankafuna. Thompson aikidwa kuno. Pa mwambo wa maliro a Rowland adzaimirira pamaso pa anthu onse amene anawanamiza n'kunena kuti ananama. Asanatero aimbe foni kumudzi, iye ali pomwepo, anenenso chimodzimodzi. Akaphonya liwu limodzi, foni yotsatira aimba ndi iye.

Foni ya kumudzi anaimbira m'khitchini, chitseko chotseka. Mlongo wawo kumeneko analira mokuwa, kufunsa kuti nanga amayi auzidwa bwanji poti anapita kale. Esnath anaima chopinda manja, akumvetsera. Ankayembekezera kuti mtima wake upepuka. Sunapepuke.

Tsiku la maliro a Rowland anaimirira kutsogolo kwa tchalitchi opanda Baibulo. Ananena zonse. Anati mng'ono wawo sanamuonepo ataledzera, anati anamuphera dzina kuno ndi kumudzi, anati chamupha ndi mtsempha osati botolo. Ena anaganiza kuti ndi Mzimu wawakhudza, ndipo panamveka ma ameni apa ndi apo. Mayi amene anasisita bondo la Esnath uja anayang'ana pansi. Esnath anakwiya ndi ma ameniwo. Munthuyu, ngakhale pogwa, ankagwera pofewa.

Ku manda dothi linali lakuda, lonyowa, lomata ku nsapato. Pamene ankaponya lake pabokosi, chibuma chinagwa molemera, ndipo kwa kanthawi Esnath anaona katondo wa ku Thyolo amene anamumana mwamuna wake. Mlandu umenewonso anauika pamutu pa a Rowland.

Anthu ambiri anabalalikira ku manda komweko kuthamangira mabasi ndi sitima. Kunyumba kunabwerera ochepa: abusa, akuluakulu angapo a mpingo, amayi ophika, ndi Cathy amene anakhala pakona chikwama chili pamiyendo. Atatha kudya, abusa akukonzekera pemphero lotsekera, Esnath anadzuka n'kukwera m'chipinda. Anatsika ndi mabotolo awiri aja. Anawaika patebulo, anawatsegula mwaluso monga anaonera kwa mwamuna wake, n'kuthira m'matambula awiri. Fungo linadzaza pabalaza.

Anati popeza tsopano aliyense wamva kuti malemu sanali chidakwa, n'koyenera kuti adziwenso ntchito imene ankagwira. Anafotokoza za mudzi wa ku France, za munda wa kuphiri ndi wa kumunsi. Kenako anakankhira matambula onse awiri kutsogolo kwa a Rowland.

"Alamu, munataya ntchito ya mng'ono wanu m'sinki musanailawe. Lawani. Mutiuze wa pamiyala ndi uti."

Abusa anatsokomola, nati mwina si nthawi yake. Esnath sanawayang'ane. Anatulutsa foni yake n'kuiika patebulo pafupi ndi mabotolo, mwakachetechete, ngati munthu amene yangomulemera m'thumba.

A Rowland anayang'ana foniyo, anayang'ana matambula. Thukuta linatuluka pamphumi ngakhale m'nyumbamo munali mozizira. Esnath ankadziwa chimene ankachita. Ku chipatala anawaonapo anthu otere, amene anakhala zaka osamwa, n'kubwerera pa machira chifukwa cha tambula imodzi ya pa ukwati. Ankadziwa kuti sizithera patebulo pano, zikathera m'kachipinda kena ku Middlesbrough, mwina m'ngalande. Ndipo ankafuna zimenezo. Ankafuna kuti tsiku lina foni idzapite kumudzi yonena za chidakwa, ndipo idzakhale yoona.

Dzanja la a Rowland linanyamuka. Linkanjenjemera kwambiri moti vinyo anagavira m'mbali mwa tambula, dontho n'kugwera pansalu yoyera ya patebulo. Anaifikitsa pachifuwa. Milomo yawo inkayenda ngati akupemphera, koma mphuno inali itatseguka kale, ikukoka fungo.

Daphne anadzuka pomwe anakhala. Sanathamange. Analowa ku khitchini, madzi anamveka akutuluka pampopi, n'kubwera ndi tambula ya madzi. Anaiika kudzanja lamanja la a Rowland. Ndi dzanja linalo anatenga tambula ya vinyo ija m'zala zawo, mopepuka ngati akulandira chinthu chimene amupatsa, ndipo inzake anaikokera kutali. Nkhope yawo sanaiyang'ane n'komwe. Anakweza tambulayo cha kuwindo kuti kuwala kudutsemo, n'kuyamba kuyankhula kwa anthu onse m'Chichewa chake chopunduka, chimene ambiri anali asanachimvepo.

"Uyu ndi wa miyala. Onani, ndi wo... wowala pang'ono. Winayo ndi wakuda. Abambo aakulu, inu muone mtundu basi. Mtundu umanena zambiri."

Anapitiriza, akusakaniza ndi Chingerezi pomwe mawu amuthawa, za mizu yoboola thanthwe ndi za dothi losunga madzi. Maso a anthu onse anachoka pa a Rowland n'kupita pa tambula ya pawindo. Mpaka abusa anasendera kuti aone.

Pakona paja Cathy anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika. Esnath atamuyang'ana, mzimayiyo anaweramira kwa iye n'kumunong'oneza kuti ndi mmene Thompson ankachitira. Pa zolawitsa za Loweruka, akaona munthu dzanja likunjenjemera, kapena wobwera ndi anzake amene akuchita manyazi kukana, ankamubweretsera madzi, n'kuchotsa vinyo, n'kupitiriza nkhani ya dothi kuti wina asazindikire. Sankafunsa chifukwa. Daphne ankapita kukamudikira bambo ake kumeneko kuyambira ali ku pulayimale.

Esnath anali asanapiteko ku zolawitsazo. Loweruka linali tsiku lake la ntchito.

Anakhala pansi. Foni inali pomwe anaisiya, ndipo sanaibweze m'thumba, komanso sanaikhudze. A Rowland anagwira tambula ya madzi ndi manja awiri n'kumwa pang'onopang'ono, maso ali pa dontho lofiira la pansalu. Daphne atamaliza anabweretsa tambula ya vinyo wa pamiyala n'kuiika patsogolo pa mayi ake, kenako anabwerera kwa abambo ake aakulu, n'kuwawonjezera madzi asanapemphe.